Samu ya anamwino yoteteza ubongo

Ana inu, tagogodani pamutu panu pang'onopang'ono. Mwamva kulimba kwake? Chigaza chimateteza ubongo, koma sichitambasuka, kupatula cha khanda chomwe chikadali ndi liwombo.

Madzi ambiri omwe timamwa mu Blantyre muno amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry. Kuti afike ku Ndirande kapena ku Limbe, komwe ndi kumtunda, amachita kukankhidwa ndi mapampu. Mtima nawonso umakankha magazi kuti akwere kumutu. Ubongo ndi wadyera ndithu: pa mpweya wa okosijeni womwe thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi lake.

Nanga ubongo ukatupa, mwina munthu wagwa pa kabaza kapena wadwala malungo aakulu? Ulibe kothawira. Umapanikiza mitsempha, ndipo magazi amalowa movutikira.

Apa anamwino a ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, amachita samu yochotsera. Pa mphamvu yomwe magazi akuyendera amachotsapo mphamvu yopanikiza ya mkati mwa chigaza. Chotsalacho madokotala amachitcha cerebral perfusion pressure. Tiyeseni: 80 kuchotsa 15 ndi 65, zili bwino, poti kwa wamkulu wovulala mutu amafuna pakati pa 60 ndi 70. Mphamvu yopanikizayo ikafika 35, patsala 45 basi, ubongo uli pa njala.

Chipangizo choyezera mkati mwa chigaza sichipezeka paliponse, choncho namwino amadalira maso ake. Amakweza bedi chakumutu ndi madigiri 30, khosi nkuliwongola, kuti magazi omwe atha ntchito atsike bwino. Amaunika m'maso ndi tochi, amayeza BP pafupipafupi, ndipo salola kuti thupi litenthe kwambiri.

Mzinda wathu uli ndi mbiri pa nkhaniyi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe agogo amati Gulupu, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale. Mwana wokomoka amapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 5 poona maso ake, kulira kwake ndi momwe akuchitira akamva kuwawa. Mu 2015, ofufuza a komweko anaonetsa ndi makina a MRI kuti kutupa kwa ubongo ndi komwe kumapha ana ambiri odwala malungo aakulu. ICU ya ana inatsegulidwa mu 2017 ku Mercy James Centre, pa chipatala chomwechi.