Cobvala Cocedwetsa Moto

Ana inu, ku America kuli mpikisano wochedwa drag racing, mmene galimoto zaliwiro koposa zimatha mamita 305 m'masekondi osakwana 4. Mafuta ace, a nitromethane, akabuka moto, woyendetsa afunika nthawi yoimitsa galimoto ndi kuturukamo.

Motero posankha zobvala iye sayang'ana kukongola. Amafuna nsaru ya Nomex, imene siisungunuka ndi kumatirira pakhungu monga icitira nailoni. Amawerenganso cizindikiro ca SFI cosokeredwa pacobvalaco: ca 3.2A/1 cimachinjiriza khungu kwa masekondi 3 okha, koma ca 3.2A/20 cimafika masekondi 40. Cobvala sicizima moto ai, cimangoucedwetsa. Magolovesi, masokosi ndi zamkati zomwe ziyenera kukhala za nsaru yotere.

Aphunzitsi, werengani mokweza pamodzi ndi ana masekondi 40, adzionere okha kucepa kwace.