FONI IKAGONA TULO: CIFUKWA CACE MAUTHENGA ACEDWA KUFIKA

Anthu ambiri a m'midzi amene ali ndi mafoni a galasi lalikuru, aja otsegula intaneti, adandaula za bvuto limodzi. Ati foni inali kugwira bwino nchito, koma tsiku lina inapempha kulandira update, ndipo kuyambira pomwepo mauthenga safika pa nthawi yace. Munthu aika foni pa tebulo madzulo, osamva kulira konse. M'mawa akaitola ndi kuyatsa galasi, mauthenga a WhatsApp angolowa onse pamodzi ngati mbuzi pa khomo la khola. Pakati pa mauthengawo pangakhale wa maliro, kapena wa mkuru wa sukulu woitana aphunzitsi ku msonkhano umene wapita kale.

Poona izi, ena athamangira kwa wokonza mafoni ku msika, nalipira ndalama kuti awasinthire batire kapena kacitsulo ka m'kati. Kawirikawiri ndalamazo zingotayika cabe, pakuti foniyo siinaonongeke ai. Icita zimene anailamula amene anaipanga.

KODI UPDATE N'CIANI?

Foni yotere iyenda ndi malangizo olembedwa m'kati mwace, ndiwo pulogalamu. Mafoni a Tecno, itel ndi Samsung ayenda ndi pulogalamu ya Android, ya kampani ya Google ya ku America. iPhone iyenda ndi iOS, ya kampani ya Apple. Nthawi ndi nthawi opanga mafoni atumiza malangizo atsopano pa intaneti, kuti akonze zolakwika ndi kutseka mipata imene mbala zingalowerepo. Imeneyi ndiyo update. Koma malangizo atsopano abwera ndi makhalidwe atsopano, ndipo nthawi zina asintha zimene mwini foni anasankha kale, iye osadziwa.

TULO TA FONI

Kuti foni ilankhulane ndi kabokosi ka Wi-Fi kapena ndi nsanja ya netiweki, igwiritsa nchito kawailesi kakang'ono kamene kali m'kati mwace. Kawailesi kameneka kadya moto wa m'batire. Pulogalamu iri yonse yofuna kuona ngati kwabwera uthenga ikadzutsa, ndipo foni yokhala ndi mapulogalamu ambiri ingacezere usiku wonse mwini wace ali m'tulo. Cifukwa cace kale munthu anali kugona batire liri lodzala, nadzuka litatha theka.

M'caka ca 2015 Google inaturutsa Android 6, niikamo njira yosungira moto dzina lace Doze, ndiko kunena kuodzera. Foni ikakhala kuti siiri pa chaja, galasi lace lazima, ndipo yakhala malo amodzi osagwedezeka kwa nthawi ndithu, iletsa mapulogalamu kufika pa intaneti, nilekanso kufunafuna Wi-Fi. Pakapita nthawi idzuka pang'ono kuti mapulogalamu atenge mauthenga ao, nigonanso. Ikakhalitsa cigonere, idzuka patalipatali koposa poyamba. Ifanana ndi mlonda wa pa dimba amene madzulo ayendera mpanda kawirikawiri, koma usiku ukakula ndipo kuli zii, angoturuka mwa kamodzikamodzi.

M'caka ca 2016 Android 7 inaonjeza tulo tina topepuka, timene tiyamba ngakhale foni iri m'thumba la munthu wopalasa njinga. M'caka ca 2018 Android 9 inayamba kuyang'ana mapulogalamu amene mwini awatsegula masiku onse, ndi kucepetsera moto aja awatsegula patalipatali. Apple nayo, m'caka ca 2015, inaika Low Power Mode mu iOS 9, imene iimitsa nchito zambiri zocitika galasi litazima.

Google inasiya kanjira koti uthenga wofulumira uthe kudzutsa foni ngakhale iri m'tulo. Koma opanga mafoni ambiri aonjeza njira zaozao zosungira batire, zina zokhwima kwambiri, zimene zitseka pulogalamu kotheratu. Update ikayatsa njira yotere, uthenga udikira kufikira mwini atatsegula yekha.

Cofunika kudziwa ndi ici: tulo timeneti sitiletsa kuimba, ndiponso sitiletsa SMS. Munthu akaimbiridwa foni ilira monga mwa masiku onse, ndipo uthenga wa SMS wonena kuti ndalama zafika pa Airtel Money kapena pa Mpamba ufika ndithu.

ZIFUKWA ZINA ZIWIRI

Coyamba ndi nambala ya foni pa Wi-Fi. Foni iri yonse iri ndi nambala yace imene kabokosi ka Wi-Fi kaizindikira nayo. Kuyambira ndi Android 10 m'caka ca 2019, ndi iOS 14 m'caka ca 2020, mafoni abisa nambala yao yeniyeni ndi kuonetsa yongopeka, kuti eni ace asamalondoledwe kuli konse apita. Tsono ngati kabokosi ka pa sukulu kapena pa cipatala kanalembedwa kuti kazilandira manambala odziwika okha, foni imene yasintha nambala ioneka ngati mlendo, ndipo ikanizidwa. Apa woyang'anira kabokosiko ndiye angathandize.

Caciwiri ndi hotspot. M'midzi yambiri Wi-Fi siicokera ku kabokosi, koma ku foni ya mnzace amene wagula bandulo nagawirako ena. Mafoni ambiri azimitsa okha hotspot akaona kuti papita nthawi popanda wolumikizana nayo. Foni yobwereka ikataya Wi-Fi galasi litazima, foni yobwereketsa izimitsa hotspot, ndipo yobwerekayo podzuka ipeza palibe kanthu.

Pamenepa palinso ngozi ya ndalama. Foni ikataya Wi-Fi, ndipo data ya pa simu yace iri yoyatsa, ingotembenukira ku data osapempha cilolezo. Mwini adabwa kuona bandulo kapena mayunitsi atha, iye ali kuyesa kuti ali pa Wi-Fi.

ZOYENERA KUCITA

1. Mwini foni ayambe wayesa. Aike foni pa chaja, azimitse galasi, napemphe mnzace kuti amtumizire uthenga patapita ola limodzi. Doze sigwira nchito foni iri pa chaja. Uthenga ukafika msanga, ndiye kuti zitsulo za m'kati ziri bwino, ndipo palibe cifukwa copitira kwa wokonza.

2. Atsegule Settings, alowe pa Apps, asankhe pulogalamu imene aifuna kwambiri, nalowe pa Battery. Pamenepo asankhe Unrestricted, kapena pa mafoni akale Don't optimise. Mau amenewa asiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni.

3. Aone ngati Battery Saver kapena Data Saver zayatsidwa. Zonse ziwiri ziletsa mapulogalamu kutenga mauthenga mwini asanawatsegule.

4. Pa mafoni akale, m'kati mwa Wi-Fi muli mau akuti Keep Wi-Fi on during sleep. Asankhe Always. Pa mafoni atsopano ambiri mau amenewa anacotsedwa, tsono munthu asataye nthawi kuwafuna.

5. Bvuto likapitirira, auze foni kuti iiwale Wi-Fi imeneyo posankha Forget, azimitse foni ndi kuiyatsanso, nalumikize mwatsopano. Asanatero alembe pasiwedi pa pepala, pakuti foni idzaifunsanso.

6. Asabvomere msanga wina akati afafanize zonse za m'foni kuti ikhale ngati yatsopano. Kutero kucotsa zithunzi, manambala ndi makalata amene sanasungidwe kwina, ndipo sikubweza pulogalamu yakale ai.

UPDATE ISAKANIDWE

Alipo ena amene, atapsa mtima ndi bvutoli, alumbira kuti sadzalandiranso update. Kumeneku ndi kulakwa. Zoona, nthawi zina update ibwera ndi colakwa ceniceni, koma mankhwala ace kawirikawiri ndi update ina yotsatira, imene opanga aitumiza atamva madandaulo a anthu. Foni yokana update ikhala ngati nkhokwe yopanda citseko, ndipo masiku ano m'foni ndi mmene anthu ambiri asunga ndalama zao.

Anthu akumbukirenso kuti tulo ta foni tiri ndi phindu, makamaka kumene kulibe magetsi. Iye amene ayenda mtunda kukachaja foni pa sitoro ndi kulipira, kapena adikira dzuwa kuti sola igwire, adziwa mtengo wace wa moto wa m'batire. Pulogalamu iri yonse imene yaloledwa kukhala maso usiku idya motowo. Cifukwa cace nzeru ndiyo kumasula imodzi kapena ziwiri zofunika, monga ya mauthenga a abale ndi a ku nchito, ndi kusiya zina zonse zigone.

Ndipo amene ali ndi nkhani yosati n'kudikira, monga ya matenda, ya maliro kapena ya mai amene nthawi yace yakwana, asadalire uthenga wa pa intaneti wokha. Aimbe foni, kapena atumize SMS.

Popeza mau a mu Settings ali m'Cingerezi pa mafoni ambiri, aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kuthandiza anansi ao, makamaka acikulire, asanapite kukataya ndalama ku msika. Nawonso eni mafoni asacite manyazi kufunsa, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.