Ngalande Imene Inatsegulira Nyanja Khomo ku Saint-Louis

Mtsinje wa Senegal, umene magwero ake ali m'mapiri a ku Guinea, ukafika pa mzinda wakale wa Saint-Louis sulowa m'nyanja ya Atlantic pomwepo, chinkana mkokomo wa mafunde umamveka m'makwalala a mzindawo. Pakuti pakati pa mtsinje ndi nyanja pagona mtunda wa mchenga, wautali ndi wowonda, wotchedwa Langue de Barbarie, umene kale unkaukakamiza kutsetserekera kumwera makilomita ngati 30 usanapeze matsiriro ake.

Mchengawo sunaunjikidwe ndi dzanja la munthu. Mafunde a kumeneko amamenya gombe chopendekera, kuchokera chakumpoto, kotero kuti funde lililonse limatola mchenga pano nkukautula patsogolo pang'ono chakumwera, linzake nkuutolanso. Ndipo malinga ulendo umenewu usadukizidwe, chimene nyanja yakokolola m'mawa imabweza madzulo, gombe nkukhalabe pamalo pake.

Ndipo kunali mu Okotobala 2003, mvula itagwa yochuluka kumtunda, mtsinje utasefukira ndi kuyamba kulowa m'nyumba za anthu, kuti akuluakulu a boma analamula kuti pakumbidwe ngalande yodula mchengawo, makilomita pafupifupi 7 kumwera kwa mzinda, kuti madzi apeze njira yachidule. Inali ngalande ya mamita 4 okha m'lifupi. Madzi anaphwa mumzinda, anthu napuma. Ndipo sindiwaweruza mopepuka iwo amene anaona ana awo akugona pamadzi. Koma safunsa anadya phula, pakuti ntchitoyo inagwiridwa mwaliwiro, osayamba afufuza bwino chimene nyanja idzachita ikapatsidwa khomo.

Masiku owerengeka okha atapita, ngalande ija inali itakula kufika mamita 200, ndipo m'zaka zotsatira inafutukuka kufikira makilomita angapo. Chifukwa chake nchakuti mchenga wochokera kumpoto, ukafika pampatapo, suwolokanso monga kale: wina umaunjikana kutsidya la kumpoto, wina umakankhidwira m'kati mwa mtsinje kapena kunyanja, nusanduka milu yobisika pansi pa madzi, pamene tsidya la kumwera, lomanidwa chakudya chake, limagumuka usana ndi usiku popanda wolibwezera kanthu. Motero mpatawo umakula, numasunthiranso kumwera. Matsiriro akale aja, posowa mphamvu ya mtsinje imene inkawatsuka chaka ndi chaka, anatsekeka ndi mchenga.

Amene anasenza goli la zonsezi ndiwo anthu wamba, amene sanafunsidwe. Mudzi wa Doun Baba Dièye, umene unkakhala mwabata kuseri kwa mchengawo, unapezeka wayang'anizana ndi mafunde maso ndi maso. Makoma a nyumba anagwa limodzi limodzi, mitengo inauma ili chiimire m'madzi, kufikira eni mudzi anasenza katundu wawo nasamuka. Ku Gandiol, dera la kumwera kwa mzindawo, kumene alimi ankatamandika ndi anyezi, mchere unalowa m'zitsime ndi m'madimba. Pakuti m'chilimwe damu la Diama, lomalizidwa mu 1986 kumtunda kwa mzindawo, limatsekereza madzi abwino, ndipo kumunsi kwake kumangolamulira madzi a nyanja, amene tsopano amalowa ndi kutuluka mwaufulu.

Asodzi a ku Guet Ndar, dera la mzinda wa Saint-Louis, poyamba anakondwera, popeza khomo latsopano linawafupikitsira ulendo wa kunyanja, iwo amene kale ankakankha ngalawa zawo pagombe pakati pa mafunde. Komatu pampatapo, pamene mtsinje ulimbana ndi nyanja pamwamba pa milu ya mchenga yosakhazikika, njira imene mmalinyero anadutsa dzulo lero ipezeka yatsekeka. Ngalawa yodzaza nsomba ikakhudza mchenga, funde lotsatira limaigubuduza, ndipo asodzi mazanamazana atsirizikira pamenepo chiyambire 2003.