Sikelo ya mu fakitale ku Corby yandipulumutsira chigayo kumudzi

Lero sindikugulitsa kalikonse, ndangobwera ndi phunziro lomwe ndinalipeza nditatsala pang'ono kudana ndi alamu anga.

Ine ndimakhala ku Corby, kufupi ndi Leicester. Tauniyi inakula chifukwa cha zitsulo. Kampani ya Stewarts & Lloyds inamanga fakitale yaikulu kuno m'zaka za m'ma 1930, ndipo anthu ambiri anachokera ku Scotland kudzagwira ntchito, n'chifukwa chake mpaka pano ena amangoti Little Scotland. Mu 1980 ntchito yosungunula zitsulo inatsekedwa, anthu masauzande n'kukhala pakhomo. Tata Steel ikupangabe mapaipi, koma ambirife tili m'nyumba zosungira katundu ndi m'mafakitale a zakudya. Ine ndili mu imodzi mwa izo, shifiti ya usiku.

Pa layini yathu pali kasikelo komwe paketi iliyonse imadutsapo ili pa lamba. Ikapepuka, makina amaikankhira pambali. Koma nzeru yeniyeni si imeneyo ayi. Sikeloyo ikaona kuti mapaketi ayamba kulemera mopitirira, imauza makina othira kuti achepetse pompopompo, osadikira kuti kuche. Tangoganizani: magalamu awiri owonjezera pa paketi si kanthu, koma pa mapaketi 10,000 ndi makilo 20 omwe mwapereka ulere.

Chachiwiri, mainjiniya sasintha kanthu mwachimbulimbuli. Ali ndi chifaniziro cha layini yonse pa kompyuta. Amayamba ayesa pamenepo: tikathamangitsa makina awa, katundu adzaunjikana pati? Nthawi ina tonse tinkadandaula kuti makina othira ndi ochedwa, koma chifanizirocho chinaonetsa kuti vuto linali pa makina omata mapaketi. Akanagula makina othira atsopano, ndalama zikanangolowa m'madzi.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Ndili ndi chigayo ku Kasungu, amayang'anira ndi alamu anga. Chaka chatha phindu linayamba kutsika mwezi ndi mwezi, pomwe ndalama ya magetsi ikukwera. Mukudziwa mmene mtima umathamangira ukakhala kunja kuno. Ndinkangoti basi, andidyera. Ndinalemba uthenga waukali pa WhatsApp, mwamwayi sindinautumize.

Usiku womwewo ndili pa layini ndinadzifunsa: kuno sadikira mwezi kutha kuti adziwe kuti zinthu zapotoka, nanga ine ndikudikiriranji? Mmawa ndinaimba foni. Ndinati, "Alamu, tiyeni tiyese chinthu china. Madzulo alionse muzinditumizira chithunzi cha mita ya magetsi, ndi nambala ya ndowa zomwe mwagaya." Iwo anangoti, "Palibe vuto achimwene, bola musandiyese wakuba." Manyazi anandigwira, kunena zoona.

Ndinagula kope. Tsiku lililonse ndinkagawa mayunitsi a magetsi ndi ndowa zogayidwa. Patatha masabata atatu zinaonekeratu: ndowa imodzi inkadya magetsi ochuluka kuposa sabata yoyamba, ndipo nambalayo inkakwerabe. Tinaitana makaniko. Anapeza nyundo za m'chigayo zitaperepeseka, malamba atakhwepa. Nyundo zikatha, chimanga chimangozungulira m'kati nthawi yaitali chisanadutse pa sefa, mota ikudya magetsi, makasitomala akutopa pa mzere n'kupita kwina. Anatembenuza nyundo, zina tinagula, malamba anamanga. Nambala inatsika sabata yomweyo.

Pano tinagwirizana malire. Nambala ikadutsa pamenepo masiku awiri otsatizana, alamu sadikira chilolezo changa, amatsegula chigayo n'kuona. Ndiye kuti sikelo yathu ndi foni ndi kope basi.

Kopelo limandithandizanso kuyesa ndisanaononge ndalama. Ndinkafuna kugula chigayo chachiwiri. Nditawerengera papepala, ndinaona kuti mzere umatalika pa makina okonola, osati pogaya. Ndiye ndikusungira chokonolera.

Kwa inu a minibasi, a kaunjika, a mandasi, mfundo ndi yomweyi. Pezani nambala imodzi yomwe imanena zoona pa geni yanu: malita a mafuta pa ulendo, zovala zogulitsika pa belo, mandasi pa kilo ya ufa. Muziiona tsiku ndi tsiku, osati pakutha pa mwezi ndalama zitapita kale. Ndipo amene muli m'mafakitale, musamangonyamula makatoni. Funsani zomwe zikulembedwa pa sikirini paja. Makina akuchepetsa manja pa layini, koma wodziwa kuwerenga manambala aja amamufunabe.

Inuyo pa bizinesi yanu mumayang'ana nambala iti? Tiuzeni m'munsimu, tiphunzitsane.