Njinga Nayo Ndi Mlendo

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika pa nyumba ina yogona alendo pafupi ndi tauni ya Meersburg, m'mphepete mwa nyanja ya Bodensee ku Germany. Mvula inali itandikwapula kuyambira ku Friedrichshafen, zovala zili chonyowa, miyendo italema ndi kupalasa. Mayi mwini nyumba atatsegula chitseko anandilonjera, kenaka maso awo anagwera pa njinga. "Tiyeni tiyambe taisunga njingayi, bambo," anatero. Ananditengera kuchipinda chapansi chokhoma ndi loko, momwe munali njinga za alendo ena zitaimikidwa pamzere. Pakhoma panali pampu, masipanala, zigamba zomatira chubu ndi oyilo wothira mu tcheni. Chipinda china chofunda chinali choyanikamo zovala ndi nsapato. Atandionetsa zonsezi m'pamene anandipatsa kiyi wa chipinda changa.

Mayiwo sanachite izi mwa chifundo chokha. Pakhomo pawo panali chikwangwani cholembedwa kuti Bett+Bike, kutanthauza bedi ndi njinga. Chizindikirochi chimachokera ku ADFC, bungwe la opalasa njinga la ku Germany lomwe linakhazikitsidwa mu 1979, ndipo malo ogona masauzande angapo ali nacho. Wofuna kuchikhoma pakhomo pake amalonjeza zinthu zodziwika: kulandira mlendo ngakhale akugona usiku umodzi wokha, kumusungira njinga m'chipinda chokhoma, kumupatsa poyanika zovala, zida zokonzera njinga, mapu a njira za m'deralo, ndi kadzutsa wokhutitsa. Lonjezo la usiku umodzi n'lofunika kwambiri, chifukwa nyengo yotentha, alendo akachuluka, eni malo ambiri amakonda munthu wokhala masiku angapo, pomwe wapanjinga amagona lero, mawa m'mamawa wanyamuka.

Nyanja ya Bodensee ndi yaing'ono poyerekeza ndi yathu. M'litali mwake ndi makilomita 63, pamene nyanja ya Malawi imaposa makilomita 550. Koma zimafanana m'njira imodzi: iliyonse imakhudza maiko atatu. Iyo ili pakati pa Germany, Austria ndi Switzerland, yathu ili pakati pa Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Ku Bodensee anakonza njira ya njinga yozungulira nyanja, yotalika pafupifupi makilomita 260, yodutsa Lindau, Bregenz, Rorschach, Romanshorn ndi Konstanz. M'zigawo zambiri njirayi ndi yapayokha, yopatukana ndi msewu wa galimoto, ndipo pamphambano paliponse pali chikwangwani. Wotopa amakweza njinga yake m'sitima yapamadzi yoyenda pakati pa Meersburg ndi Konstanz, n'kuwoloka m'mphindi pafupifupi 15. Panjirayi ndinakumana ndi agogo a imvi mbuu akupalasa ndi zidzukulu zawo, komanso makolo akukoka ana aang'ono m'kangolo komangirira kumbuyo kwa njinga.

Kwathu kuno njinga sisowa. Imadzuka tambala asanalire, itasenza matumba a makala, mitolo ya nkhuni, madengu a usipa, mbuzi ngakhalenso nkhumba pakaliyala. Ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi a kabaza amadyetsa mabanja ndi ntchafu zawo. M'midzi yotalikirana ndi chipatala, njinga ndiyo imanyamula mayi woyembekezera ndi mwana wodwala malungo. Mmalawi amaidziwa njinga kuposa alendo ambiri amene ndinagona nawo nyumba imodzi ku Meersburg. Pansi pa mtengo wa mango pamsika uliwonse pali mmisiri amene amawongola limu, kumanga masipoko ndi kumata chubu ndi zida zochepa kwambiri, ndipo ntchito yake imalimba.

Komabe ulemu umene timaipatsa njinga ndi wochepa. Timaiona ngati chizindikiro cha umphawi, chinthu chimene munthu amasiya akapeza ndalama zogulira njinga yamoto kapena galimoto. Pamalo ambiri ogona alendo mlonda amathamangira kutsegulira geti wobwera pa galimoto, pomwe wobwera pa njinga amafunsidwa kaye chimene akufuna. Ndinagonapo pa resitihausi ina m'mbali mwa nyanja yathu komwe anandiuza kuti njinga ndiisiye panja chifukwa idetsa simenti. Ndinagona khutu lili kuwindo usiku wonse. Pamsewu wa M5, umene umadutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa mpaka Nkhata Bay, wapanjinga akamva hutala ya lole amadziwa kuti ayenera kuthawira kufumbi, chifukwa m'malo ambiri phula ndi lopapatiza ndipo m'mbali mwake munadyeka.

Pali chinthu chimene ife tili nacho chimene ku Bodensee sindinachipeze. Kumeneko kulandira mlendo kumayendera buku. Uyenera kusungitsa malo masiku kapena milungu ingapo usanafike, ufike pa nthawi imene munagwirizana, ulipire, ndipo ikakwana 10 koloko usiku pakhale bata. Ukafika mwadzidzidzi nyumba itadzaza, amakupepesa mwaulemu n'kutseka chitseko. Kadzutsa anali wabwino ndithu: buledi wotentha, tchizi, mazira, jamu ndi khofi. Koma aliyense anadyera patebulo pake, akuyang'ana mapu ake.

Kwathu mlendo akachita odi dzuwa litalowa, sitimufunsa ngati anasungitsa malo. Timamuyalira mphasa, timamupatsa madzi akumwa, timachita naye malonje kuti timve komwe achokera ndi momwe wayendera. Ngati ndi wachilendo m'mudzimo, timamuperekeza kwa amfumu kuti adziwe kuti kwagona munthu. Mtsuko wa madzi osamba umatenthetsedwa, nsima kapena kondowole imaphikidwa, ndipo ngati m'khola muli nkhuku, imodzi imagwidwa. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mawu amenewa amamukwana bwino wapanjinga, amene amagona kamodzi n'kulawira. Alendo opalasa kuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town amalowa m'dziko muno pa Songwe, n'kudutsa Karonga ndi Chitimba, ndipo m'njira monsemo sasowa wowalonjera kapena wowalozera pomwe pali mjigo.

Ndikaika ziwirizi pamodzi, ndimaona kuti anzathuwa anakhala pansi n'kulingalira zosowa za munthu wapanjinga chimodzichimodzi, n'kuzilemba, n'kuzisandutsa lonjezo limene mlendo angalidalire asananyamuke kwawo. Ife tili ndi mtima wolandira, koma sitinaufikitse pa chinthu chimene chamunyamula mlendoyo. Ndipo zimene mayi aja anandichitira si zodula. Chipinda chimodzi chokhoma ndi loko, chingwe choyanikira pansi pa denga, pampu, masipanala awiri, zigamba, dzina la mmisiri wapamsika, madzi abwino odzaza m'mabotolo, ndi tiyi wa mbatata kapena chinangwa wokonzeka mbandakucha kuti munthu anyamuke dzuwa la kunyanja lisanawawe: izi mwini resitihausi aliyense wa ku Senga Bay, ku Chintheche kapena ku Monkey Bay angazikwanitse mwezi uno. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, ingathe kukhala mlatho wa wopalasa amene akufuna kudumpha chigawo china cha ulendo.

Phindu lake silingathere pa mzungu wodzaona dziko. Wapanjinga amayenda pang'onopang'ono, amaima pagolosale, amagula nthochi ndi zitumbuwa, amagona m'matauni ang'onoang'ono amene wagalimoto amangowadutsa, choncho ndalama yake imagwera m'manja ambiri. Ndipo msewu wokhala ndi mbali yotakata yoyendamo njinga udzapulumutsa poyamba mwana wasukulu, wa kabaza ndi mayi wopita kuchigayo.

Inu eni malo ogona a m'mbali mwa nyanja, ndi inu amene mumakonza misewu yathu, mukamaganiza za mlendo muziganiziranso njinga yake. Munthu akafika pakhomo panu thukuta lili kamukamu, akukankha njinga yafumbi, mutsegulireni geti monga mumachitira ndi wagalimoto, ndipo njingayo muipezere pogona.