Disiki ya Windows yochokera kufakitale ndi ya m'sitolo n'zosiyana

Malaputopu ambiri amene ndimakonza kuno ku Tsangano si atsopano. Ena anabwera m'chikwama cha wachibale wochokera ku Joni, ena anagulidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kulowera pa Biriwiri, ena ndi a mumzinda wa Tete. Eni ake ndi aphunzitsi, anamwino, ana asukulu ndi amalonda a mbatata ya kachewere. Makina akayamba kuchedwa kapena kukana kuyaka, pempho limakhala limodzimodzi: "Akulu, tangoikanimoni Windows ina." Ambiri amafika atanyamula kale disiki yobwereka kwa mnzawo, poganiza kuti disiki iliyonse yolembedwa Windows imagwira pa kompyuta iliyonse. Ganizo limeneli latayitsa anthu zithunzi, makalata ndi ndalama.

Chimene munthu amalipira kwa Microsoft si disikiyo ayi. Amalipira chilolezo chogwiritsa ntchito Windows, ndipo umboni wake ndi kiyi, zilembo ndi manambala 25 zolembedwa m'magulu asanu. Disiki imangonyamula pulogalamuyo. Zilolezo zimene munthu wamba amakumana nazo zilipo za mitundu iwiri.

Choyamba ndi cha m'sitolo, chimene amisiri timati Retail. Ichi n'chanu inuyo. Kompyuta ikatha, mukhoza kuika Windows yomweyo pa ina, bola ikhale pa makina amodzi okha nthawi imodzi. N'chifukwa chake n'chokwera mtengo. Bokosi la Windows 7, imene inatuluka mu 2009, linkabwera ndi madisiki awiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit. M'disiki yotere muli Windows yokhayokha, mulibe chilichonse cha Dell, HP kapena Acer. Mukamaliza kuika, nthawi zambiri mumafunika kusaka madiraiva, timapulogalamu timene timachititsa kuti Windows imvane ndi Wi-Fi, masipika ndi sikirini ya makina anuwo. Kwathu kuno imeneyi si ntchito yaing'ono. Laputopu yopanda diraiva ya Wi-Fi singalowe pa intaneti kukatenga madiraiva enawo, ndiye pamafunika kompyuta ina, fulashi, ndi bandulo ya Movitel kapena Vodacom.

Chachiwiri ndi cha kufakitale, chimene timati OEM. Kampani yopanga makompyuta imagula zilolezo zambirimbiri pamtengo wotsika n'kuikiratu Windows makinawo asanapite kumsika. Chilolezochi si cha munthu koma cha makinawo, makamaka bolodi lalikulu la m'kati lotchedwa motherboard. Zili ngati mapepala a njinga yamoto: alembedwa nambala ya njinga imodzi, ndipo njingayo ikafa simungawagwiritse ntchito pa ina. Mukagulitsa laputopu, chilolezo chimapita nayo. Bolodi likapsa, nachonso chatha.

Madisiki amene makampaniwa ankapereka m'nthawi ya Windows XP, Vista ndi 7 ndi amene amasokoneza anthu kwambiri. Disiki ya Dell, mwachitsanzo, mukaiika pa kompyuta ya Dell siifunsa kiyi. Imayang'ana chizindikiro chimene kampaniyo inalemba mu BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa makina Windows isanayambe, ndipo ikachipeza imatsimikiza chilolezo yokha popanda intaneti. Wina akaona zimenezi amati wapeza disiki yodabwitsa yosafuna kiyi, n'kupita nayo pa Toshiba ya mnzake. Kumeneko chizindikiro chija kulibe. Windows 7 imalowa bwinobwino, koma pakatha masiku 30 imayamba kudandaula kuti si yovomerezeka ndipo chithunzi cha kumbuyo kwa sikirini chimasanduka chakuda.

Makampani ena monga HP ndi Acer ankapereka, kapena kukuuzani kuti mudzipangire, madisiki obwezeretsa makina mmene anachokera kufakitale. Ubwino wake ndi woti madiraiva onse ali momwemo, ndipo ntchito ikatha zonse zimagwira. Koma ndikupemphani kuti mumvetse ichi: disiki yotere kawirikawiri imafufuta zonse za mu hard disk. Mayeso amene mphunzitsi wakhala akulemba chaka chonse, zithunzi za ukwati, mndandanda wa angongole, zonse zimapita. Musalole munthu kuiyendetsa musanakopere zinthu zanu pa fulashi, ndipo mutsegule fulashiyo pa kompyuta ina kuti muone ndi maso anu kuti zalowadi.

Makina ambiri a nthawi imeneyo analinso ndi chigawo chobisika mu hard disk chogwira ntchito yomweyi popanda disiki. Pa HP chimatsegulidwa ndi batani la F11 poyatsa, pa Acer ndi Alt ndi F10 pamodzi. Mmisiri wothamangira ndalama amachifufuta poti akuwonjezera malo, ndipo mwini wake sadziwa kuti wataya chiyani.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa pa ntchito yathuyi. Malaputopu ambiri a kaunjika amafika ali kale ndi chilolezo chenicheni. Pa a Windows 7 ndi akale, kiyi inalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa makina kapena m'malo mokhala batire. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, makampani analeka kulemba kiyi panja, anayamba kuisunga m'kati mwa bolodi momwe. Choncho laputopu imene inabwera ndi Windows 10 Home, mukaiikanso Windows 10 yochokera kwa Microsoft, imadzipezera kiyi yake yokha. Koma amisiri ambiri amaika Windows yokopera ya mtundu wa Pro kapena Ultimate, poti dzina lake limamveka lalikulu, kenako n'kuwonjezera kapulogalamu konamiza Windows kuti yalipiridwa. Timapulogalamu totere nthawi zambiri timafuna kuti muzimitse antivirus, ndipo tina timabwera ndi mavairasi. Munthu amene anali ndi Windows yovomerezeka amabwerera kunyumba ndi yakuba, atalipiranso ndalama. Pa ntchito ya kulemba makalata ndi kuwerengera malonda, Home imakwanira.

Ifeyo a m'malire tilinso ndi nkhani ya chilankhulo. Laputopu ya ku Joni kapena ku Malawi imabwera m'Chingerezi, pomwe ntchito ya kusukulu ndi kuofesi, kaya ndi kuno, ku Furancungo kapena ku Ulongué, imayenda m'Chipwitikizi. Disiki ya kufakitale imabwezeretsa chilankhulo chimene makinawo anabwera nacho. Pa Windows 7, kusintha chilankhulo cha makina onse kunkatheka pa Ultimate ndi Enterprise zokha, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zinafalitsa Ultimate yokopera. Pa Windows 10 ndi 11 vutoli linachepa, chifukwa Home ndi Pro zimalola kuwonjezera Chipwitikizi kudzera pa intaneti. Yokhayo yotchedwa Home Single Language, yofala pa makina otsika mtengo, ndiyo imakana. Imeneyi imafuna kuikidwanso kuchokera pa fulashi ya Chipwitikizi.

Masiku ano malaputopu ambiri alibenso poikira disiki. Microsoft imalola aliyense kutenga Windows pa intaneti kwaulere n'kuiika pa fulashi ya 8 GB, ndipo fulashi imodzi imatumikira makina a makampani onse. Chimene sichinasinthe ndi chilolezo: cha kufakitale chimakhalabe cha makina, cha m'sitolo cha munthu.

Mukamagula laputopu ya kaunjika, itembenuzeni muone zomatidwa kunsi, kenako iyatseni mulowe mu Settings, pa Activation, muwerenge mtundu wa Windows ndi ngati ili yotsimikizika. Wogulitsa akamakweza mtengo chifukwa cha kiyi ya Windows 7, dziwani kuti Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo kuyambira mu Seputembala 2023 makiyi ake satsegulanso Windows 10. Nayonso Windows 10 thandizo lake la nthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene makina akale ambiri alibe. Pa makina oterowo ndimauza anthu kuti m'malo mwa Windows ayese Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004. Ndi yaulere, siifuna kiyi, ndipo ilipo m'Chipwitikizi.