Mawu a m'mapulani a malo mumzinda wa Lilongwe

Pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo ndi ndondomeko imene boma kapena khonsolo imalemba, pamodzi ndi mapu, pofuna kusonyeza malo omangapo nyumba, a misika, a mafakitale, a misewu ndi malo osayenera kumangapo kanthu. Ku Malawi mapulani ndi malamulo ake amalembedwa m'Chingerezi, choncho mawu ambiri analowa m'Chichewa mmene alili kapena atasinthidwa pang'ono, monga puloti, lizi ndi bikoni. Ku Lilongwe mawuwa amakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Dzina limene dera linapatsidwa pa pulani ndi limene limachititsa kuti munthu apeze chikalata cha malo ake kapena asachipeze, kuti msewu ufike pakhomo pake, ndiponso kuti nyumba yake ikhale yololedwa kapena yoti itha kugwetsedwa.

Pulani yaikulu ndi manambala a madera

Master plan ndi pulani yaikulu ya mzinda wonse, yoyang'ana zaka zambiri m'tsogolo. Ya Lilongwe inalembedwa mu 1968 ndi akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. M'chaka chomwecho panakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loyang'anira ntchito yomanga, ndipo Lilongwe anakhala likulu mu 1975. Olemba pulaniyi anatsatira maganizo a garden city, amene anayamba ndi Ebenezer Howard ku England, oti mzinda ukhale wa madera otalikirana olekanitsidwa ndi mitengo ndi malo opanda nyumba. N'chifukwa chake Lilongwe ali ndi zigawo zinayi zondondozana kuchoka kummwera kupita kumpoto: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Mtunda wautali umene wantchito amayenda pa minibasi m'mawa uliwonse unachokera m'pulani imeneyi.

Mzindawu unagawidwa m'madera a manambala, kuyambira Area 1 kufika Area 58. Manambalawa satsata kuyandikana kwa malo, moti Area 23 ili kummwera chakummawa pamene Area 25 ili kutali kumpoto, pafupi ndi Kanengo. Madera ena amadziwika ndi mayina m'malo mwa nambala: Kawale ndi Area 7, Biwi ili mu Area 8, ndipo Chinsapo ndi Area 57. Pulani ya 1968 inatsatidwa ndi Outline Zoning Scheme ya 1986, kenako pulani ya 2010 imene inakonzedwa mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, yoyang'ana mpaka chaka cha 2030.

Zoning

Mawu oti zoning amatanthauza kugawira malo alionse ntchito yake. Capital Hill ndi ya maofesi a boma, Kanengo ndi ya mafakitale ndi misika ya fodya, pamene Biwi Triangle ndi ya ntchito zing'onozing'ono monga magalaja ndi mashopu a zipangizo za galimoto. Wofuna kusandutsa nyumba yogona kukhala sukulu, bala kapena malo ogona alendo ayenera kupempha chilolezo chotchedwa change of use. Wofuna kudula puloti yake pawiri amapempha cha subdivision.

Density

Mawuwa amasokoneza ophunzira ambiri. M'mapulani, density imanena za kuchuluka kwa mapuloti pa hekitala imodzi. Low density ndi dera la mapuloti aakulu koma ochepa, monga Area 10 ndi Area 43. Medium density ndi la mapuloti apakatikati, monga Area 47. High density ndi la mapuloti ang'onoang'ono ambiri. Pa pepala mawuwa akungoyeza kukula kwa malo, koma aliyense wa mu Lilongwe amadziwa kuti akunenanso za thumba la anthu okhalamo. Kagawidwe kotereka kanayamba nthawi ya atsamunda, pamene Azungu, amwenye ndi anthu akuda ankakhala m'madera osiyana.

Traditional Housing Area

Awa ndi mawu ofunika kwambiri kwa wofuna kumvetsa Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25. Amafupikitsidwa kuti THA. Boma linkayeza malo, kuika mabikoni, kulambula misewu yafumbi, kusiya malo a sukulu ndi msika, ndi kuika mipopi yotungapo anthu ambiri. Wopatsidwa puloti ankamanga yekha nyumba monga mwa mphamvu zake, ngakhale ya zidina, popanda kutsata malamulo okhwima a kamangidwe amene ankagwira ntchito ku Area 10. Chimbudzi chinali chokumba. Njira imeneyi imatchedwa site and service, ndipo maiko ambiri a mu Africa anaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970.

Mawu oti traditional pano sakunena za mafumu kapena miyambo. Akunena za zipangizo zomangira zimene zinkaloledwa. Malo a THA ndi a boma ndipo anayezedwa. Kawale ndi Biwi ndi ena mwa madera akale amene analipo likulu lisanabwere, pamene Area 25 inatsegulidwa m'nthawi yomanga likulu, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Kwa zaka zambiri madera otere ankayang'aniridwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964, kufikira 1992 pamene anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda.

Pulani inkayembekezera banja limodzi pa puloti imodzi. Zimene zinachitika ndi zina. Eni mapuloti anamanga mizere ya zipinda za lendi kuseri kwa nyumba zawo, ndipo puloti imodzi inayamba kusunga mabanja angapo ogawana chimbudzi chimodzi ndi mpopi umodzi. Olemba mapulani amautcha mchitidwewu densification. Eni nyumbawo sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa zipinda zimenezi ndi zimene zinalandira anthu amene boma silinawakonzere malo. Mu 1966 Lilongwe anali ndi anthu pafupifupi 19,000, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318.

Malo osakonzedwa

Mapuloti a THA atayamba kusowa, anthu anapita kwa mafumu. Midzi imene inali m'mphepete mwa mzinda inamezedwa ndi malire a mzindawo, ndipo mafumu ake ndi mabanja amene ankalimapo anapitiriza kugawa ndi kugulitsa malo monga ankachitira kale. Umu ndi mmene Chinsapo, Mtandire, Kauma ndi Mgona anakulira. Mgona ali pafupi ndi Area 25 ndi Kanengo, ndipo amadziwika ndi msika wake wa mtedza ndi mbewu zina. Madera otere amatchedwa unplanned settlement kapena informal settlement, kutanthauza malo amene anthu anamangapo pulani isanafike. Mawu akale oti squatter, onena za munthu wokhala pa malo a eni popanda chilolezo, ambiri okhalamo amawakana chifukwa malowo anagula pamaso pa mfumu ndi mboni, ndipo ena anawapeza kwa makolo awo.

Mlendo woyenda pansi sangaone msanga kusiyana kwa mbali zina za Area 23 ndi Chinsapo. Konse kuli nyumba za njerwa ndi malata, maokala ndi matchalitchi. Kusiyana kuli m'mabuku a khonsolo. Puloti ya ku THA ili ndi nambala ndi malire oyezedwa, pamene malo ogula kwa mfumu umboni wake kawirikawiri ndi kalata yolemba pamanja. Lamulo la Chiefs Act la 1967 silipatsa mafumu mphamvu mkati mwa mizinda pokhapokha khonsolo italola, komabe mafumu a m'tauni ndi amene amaweruza milandu ya malire ndi kuyendetsa maliro. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linati anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'malo osakonzedwa.

Upgrading ndi kukonza dera lotere osachotsamo anthu: kutsegula njira, kukumba ngalande ndi kubweretsa madzi. Makiyosiki a madzi a Lilongwe Water Board, amene amayendetsedwa ndi magulu a anthu a m'deralo otchedwa Water Users Association, ndi chitsanzo chimodzi. Regularisation ndi kuyeza malowo ndi kupereka zikalata kwa okhalapo. Chovuta chake n'chakuti msewu watsopano uyenera kudutsa pamene pali kale nyumba ya munthu.

Umwini wa malo

Lamulo la Land Act la 1965 linagawa malo patatu: a boma, a munthu payekha ndi a mafumu. Malamulo atsopano a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa customary estate, njira yolembetsera malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja. M'tauni chikalata chofala ndi lizi, imene pa nyumba zogona imakhala ya zaka 99. Mwini lizi amalipira ground rent kwa mwini malo chaka chilichonse, ndipo izi n'zosiyana ndi city rates, msonkho wa katundu wopita ku khonsolo. Eni malo mu Lilongwe ndi angapo: unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo ya mzinda ndi makampani. Wogula puloti ayenera kudziwa kaye kuti mabuku ake ali ku ofesi iti.

Chilolezo ndi malo oletsedwa

Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, limafuna kuti womanga apereke pulani ya nyumba ku komiti yoona za mapulani asanayale maziko. Akamanga popanda chilolezo amapatsidwa stop notice yoimitsa ntchito kapena enforcement notice, imene itha kufika pogwetsa chomangacho. Road reserve ndi malo osungidwa m'mbali mwa msewu. Pa misewu ikuluikulu monga M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. River reserve ndi malo a m'mphepete mwa mtsinje osaloledwa kumangapo kapena kulimapo. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho madzi anawononga nyumba ku Kawale ndi madera oyandikana nawo.

Mapulani a dziko lonse

Regional planning imayang'ana mzinda pamodzi ndi maboma ouzungulira. Ndondomeko ya National Urban Policy inatuluka mu 2019, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Mmenemo muli mawu oti secondary cities, matauni apakati monga Kasungu, Salima, Karonga ndi Liwonde, amene boma likufuna kuti akule n'cholinga choti ofuna ntchito asamangothamangira ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba.